Dizilo wa Mlamu Wanga

Coolock, Dublin
8 February 2010

Okondedwa achimwene a Ambrosio,

Moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga ndi ana? Chigayo chikulira? Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatha mawu, madzi anauma m'mapaipi sabata ziwiri.

Ndine mng'ono wanu Tarsizio. Cholembera chili m'manja mwa amayi a Sandra, alamu anu a Clotilda, poti ine mukudziwa ndinalekezera Sitandade 2. Ndawauza kuti alembe chilichonse chotuluka pakamwa panga, asakonze. Foni sindikuimbirani dala. Chigayo chinakutherani makutu, timangokuwirana mpaka mayunitsi kutha.

Nkhani ndi iyi. Ayi, ndiyambe ndi ntchito. Kuno kwagwa chimene akuchitcha recession. Ku site komwe ndinkayendetsa dumper yonyamula mchenga anatseka, nyumba anazisiya zopanda madenga, eni dziko eniake akuthawira ku Australia. Ine ndinakhala miyezi seveni ntchito yanga ili yoperekeza Sandra kusukulu. Koma Mulungu ndi Mulungu. Mkulu wina wa ku Skerries, dzina lake bwana James, wanditenga kuti ndiziyendetsa ndi kusamalira motorhome yake.

Motorhome ndikufotokozereni bwanji? Tengani basi ya ku Blantyre, muchotse mipando, muikemo bedi, khitchini, chimbudzi ndi bafa. Ndi imeneyo. Anaiitanitsa ku America nthawi ya zabwino kuti aziyenda ndi mkazi wake, koma mayiyo anamwalira asanayende ulendo wachitatu. Pano amaibwereketsa kwa anthu a maukwati ndi a mipikisano ya mahatchi. Mwiniwake miyendo inafooka, amayendera ndodo ziwiri, ndiye chiwongolero ndi changa. Kapu ya malemu mkazi wake ikadali pa shelefu m'katimo. Ine ndimaipukuta n'kuibwezera pomwepo.

Vuto lake ndi kumwa. Achimwene, lole ya ku mishoni ija ndinayendetsa zaka 22 inali yodziletsa. Iyi lita imodzi makilomita anayi, mphepo ikamachokera kutsogolo atatu. Thanki yake malita 280. Ndayesa zonse zimene ndimadziwa. Matayala ndimapopa mlungu uliwonse, madzi a m'bafa ndimakhetsa ndisananyamuke kuti ipepuke, phazi ndimaliika ngati ndaponda dzira. Koma imamwabe, ndipo bwana James akaima pa pampu amagwira pamtima.

Ndiye mlamu wanga Overstone, mlongo wawo wa amayi a Sandra, uja ali ndi van yonyamula katundu, wandithandiza. Ali ndi mnzake wogulitsa dizilo wotchipa cha kumpoto, kufupi ndi malire. Anabwera ndi zigubu pa yard ku Santry komwe timaimika. Ine mukundidziwa, dizilo salowa mu injini yanga asanadutse pa zala. Ndinaviika, n'kutikita. Anaterera bwinobwino. Ndinamuuza bwana James kuti zala izi zaka 22 sizinaphepo injini, bwana lolani. Analola chifukwa cha mawu anga.

Overstone wandipatsanso botolo la mankhwala a dizilo. Akuti kapu imodzi pa chigubu, injini imamwa pang'ono n'kuyenda kutali, ndipo m'zigubu zijazi anathiriratu kale. Botolo lina ndakutumizirani kudzera kwa asisitere a Edna, akubwera ku Dedza mwezi uno. Muyese m'chigayo, mundiuze.

Overstone amalankhula ngati anabadwira m'ndege, koma pa ichi ndamuyamika. Amayi a Sandra akuseka. Lembani, ndamuyamika.

Mundiuze za mvula, ndiponso ngati denga la kwa mayi munakonza.

Ine mng'ono wanu,
Tarsizio


Coolock
22 March 2010

Achimwene,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Kalata yanga simunayankhe, kaya asisitere anafika. Ine sindili bwino. Thupi lili bwino koma ine sindili bwino.

Ndapha injini.

Amayi a Sandra akuti ndisanene choncho. Lembani momwemo, ndapha injini.

Linali Loweruka la pa 13. Ndinanyamula banja lina kupita nalo ku ukwati ku Galway, mkwatibwi ali kumbuyo akumukonza tsitsi. Kunena zoona, masabata angapo ndinkaona kuti ikumwa kwambiri kuposa kale, koma ndinkati ndi mphepo. Tisanafike theka la njira inayamba kutsokomola. Ndinamva m'mpando, mukudziwa injini imayamba kuuza msana wa dalaivala isanauze makutu. Kenaka utsi woyera, kenaka zii. M'mbali mwa msewu, mvula ikugwa, mkwatibwi akulira, bambo ake akundiloza chala. Iwo anakwera taxi, ine n'kutsala ndi nyumba ya eni.

Makaniko wa pa yard ndi Norbert, wa ku Poland, munthu wosalankhula zambiri. Anamasula pampu ndi ma injector n'kundiitana. M'kati mwadyeka ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Anathira dizilo uja m'botolo loyera n'kuliimika pawindo, mawa lake pansi panali zinthu ngati phulusa. Anandifotokozera motere. Kuno dizilo wa mathirakitala boma limamuthira mtundu wobiriwira. Ndi wotchipa, koma a Customs akakupeza naye m'galimoto ya pamsewu ndi mlandu. Ndiye pali akamberembere amene amamutsuka ndi asidi kuti mtundu uchoke. Mtundu umachokadi, koma kuterera kuja kumachokanso, asidi n'kutsalira. Injini imakhala ikumeza minga.

Bwana James sanakalipe. Bola akanakalipa. Anabwera ndi ndodo zake, anakwera movutikira, anayang'ana kapu ija pa shelefu, n'kutambasula dzanja. Makiyi. Anangoti, Tarsizio, unati zala zako sizinama. Anthu a pa yard akuti ndinkadziwa, akuti tinapangana ndi mlamu wanga. Ine, amene bambo mfumu ankandisiyira makiyi a mishoni yonse akapita kutchuthi.

Ndinapita kwa Overstone. Ndinamupeza akutsuka van, nyimbo zili pamwamba. Akuti, alamu, dizilo uja ndi wabwino, ine ndimathira yemweyo daily, vuto ndi chigalimoto chanucho chakalamba, mwinanso wakalamba ndi dalaivala. Ananena pamaso pa mkazi wake Racheal ndi ana.

Koma chimene chikundidya si Overstone ayi. Ndi zalazi. Norbert akuti dizilo wotsukidwa amakhala wouma, wokhakhala ngati palafini. Nanga ine ndinamva bwanji kuterera? Ndimakhala n'kumaziyang'ana. Mwina kuzizira kwa kuno kunazipha. Mwina mlamu wanga nayenso anapusitsidwa. Sindikudziwa.

Dizilo amene Norbert anakhetsa m'thanki ndamusunga, zigubu sikisi, m'kashedi kuseri kwa nyumba. Chifukwa chake sindikuchidziwa. Mtima ukungoti usataye.

Botolo lija musathire m'chigayo mpaka ndikuuzeni.

Tarsizio


Lizulu
28 Malichi 2010

Mphwanga Tarsizio,

Kalata yako ya mu Febuluwale yafika dzana pamodzi ndi botolo. Asisitere anayamba apita kumsonkhano ku Lilongwe, katundu wako anagona m'chikwama mwezi wathunthu. Tonse tili bwino. Mvula inadula mu Januwale koma chimanga chachita. Denga la kwa mayi ndinakonza, anali malata awiri okha.

Ndakondwa kuti wagwiranso chiwongolero. Za nyumba yoyendayo ndawauza anthu pa chigayo, akuti ukunama, utumize chithunzi. Azimayi akufunsa kuti za m'chimbudzimo zimathera kuti.

Tsono za botolo lako la ku Ulaya. Ndinalitsegula ngati chinthu cha paguwa, anthu atandizungulira. Nditanunkhiza ndinaseka mpaka kukhala pa thumba la mgaiwa. Mphwanga, wakweza ndege oyilo wa njinga yamoto? Ameneyu ndi oyilo wa njinga yamoto, wosungunula ndi palafini pang'ono. Pa Lizulu pano ali mbwee.

Waiwala kodi, kapena unachoka zisanayambe? Masiku ano dizilo akusowa, ndiye mavenda a zigubu odumpha malire amasakaniza ndi palafini. Akudziwa kuti ife a zigayo timayesa ndi zala, choncho amathiramo kapu ya oyilo ameneyu kuti aterere. Zala zimavomera, injini n'kumafa pang'onopang'ono. Chaka chatha wina anandiphera pampu motero. Oyilo ameneyu sathirira injini, amathirira zala za wogula. Akaona kuti munthu sayesa, sataya n'komwe oyilo wawo.

Ndiye mlamu wakoyo umuuze kuti amene anamugulitsa botolo anamudyera. Kapena usamuuze, angachite manyazi, poti anachita ndi mtima wabwino. Ine ndadontheza pa tcheni cha njinga, chikuyenda bwino.

Moni kwa alamu anga ndi Sandra. Kodi mwanayo ukamulankhula Chichewa akuyankhabe Chichewa?

Mkulu wako,
Ambrosio


Coolock
27 April 2010

Achimwene,

Moni. Kalata yanu yafika dzulo. Inachedwa chifukwa phiri lina kuno ku Ulaya linaphulika, phulusa linadzaza kumwamba, ndege zonse zinaima pafupifupi sabata. Ndaona kuti munalemba musanalandire yanga yachiwiri. Pofika pano mwailandira, mukudziwa zimene zinandigwera.

Amayi a Sandra andiwerengera katatu. Kachitatu ndinawaimitsa pa mawu aja akuti amathirira zala za wogula.

Azungu a kumalire sadziwa zoyesa dizilo ndi zala. Ndamufunsa Norbert, akuti chibadwire sanamvepo. Mu Dublin monse muno woviika zala m'chigubu ndine ndekha. Ndipo amadziwa zimenezo ndi ndani? Ndi amene wakhala pa tebulo langa Lamulungu lililonse zaka zinayi, akudya nkhuku yanga, ine ndikudzitama ndi zala zanga, iye akuseka kuti alamu inu ndinu laboratory. Oyilo uja anathira ndi dzanja lake, akuganiza za ine. Anakhala pansi n'kundiganizira, achimwene. Botolo lija anandipatsa kuti ndikamva fungo la oyilo ndiziti ndi mankhwala aja.

Zala zanga sizinafe. Zinanamizidwa ndi munthu wa m'nyumba.

Dikirani ndimwe madzi. Ayi, izo musalembe. Chabwino, mwalemba kale.

Lero m'mawa ndinakwera sitima kupita kwa bwana James ndi kalata yanu m'thumba. Geti sanatsegule lonse. Akuti, Tarsizio, ndatopa, nkhani za pachibale panu sindingaziweruze, iwe ukuti iye, iye akuti iwe. Akuti anamuimbira kale Overstone, ndipo Overstone anamuuza m'Chingerezi chosalala kuti dizilo wake ndi woyera, ine ndinkagula wina kumbali. Ine Chingerezi changa ndi cha pamsewu, left, right, full tank. Ndinaima pa geti paja ngati wogulitsa nsomba zowola. Motorhome ili pa yard, matayala akuphwa.

Ndiye ndaganiza. Poyamba ndinati shuga m'thanki ya van yake. Koma van sinandilakwire, ndipo ine sindinathirepo chonyansa mu injini mozemba. Kenaka ndinati ndimudikire pa car park ndi sipanala ya matayala. Koma ndili ndi zaka 54 ndipo iye ndi wamtali. Tsono ndapeza. A Customs ali ndi nambala yoimba. Ndikawapatsa dzina lake, nambala ya van, ndi galaja komwe amasungira zigubu. Mapepala ake okhalira kuno anatha chaka chatha, analembetsa ngati wophunzira koma sukuluyo sanaipondepo. Akamugwira sabwerera kunyumba kukatenga jekete. Adzatsikira pa Lumbadzi ndi kajumbo m'manja. Inu mudzapite mukamuone, mudzandilembere mmene nkhope yake ikuonekera.

Amayi a Sandra asiya kulemba. Lembani. Ndi mlongo wanu, inde, nanga ine ndine ndani wanu?

Sindiimba lero. Ndidikira yankho lanu, poti bambo kulibe, bambo ndinu, ndipo sindinachitepo chachikulu osakuuzani. Koma musandiuze za kukhululuka. Za kukhululuka ndimazimva Lamulungu lililonse m'zinenero ziwiri.

Tarsizio

Alamu, ndine Clotilda. Izi ndikulemba iwo atapita kushopu kukagula envulopu, sakudziwa. Zonse anenazi ndi zoona. Overstone tinayamwa bere limodzi, ndikumudziwa, anachita. Sindikumuikira kumbuyo. Koma ali ndi ana atatu, wamng'ono ndi wa mphumu, ndipo mayi athu ku Ntcheu amadya za van yomweyo. Amuna anga sakudya, amangokhala pa tebulo n'kumatikita zala. Chimene akufuna si chakuti Overstone apite. Akufuna bwana James adziwe. Apezereni njira ina yomupwetekera mlongo wangayo, ndithandiza. Yankho lanu ndidzawawerengera ndine ndipo sindidumpha liwu, choncho musatchule kuti ndalemba.


Lizulu
30 Meyi 2010

Mphwanga,

Makalata ako awiri afika tsiku limodzi. Ndinatseka chigayo masanasana, azimayi akudandaula pamzere, n'kukakhala kuseri kuwerenga. Ndinaseka botolo lako osadziwa kuti ndikuseka pamaliro. Undikhululukire.

Za kumukhululukira iyeyo sindinena. Munthu wopha injini ya mnzake mwadala, inenso sindingadye naye mbale imodzi.

Koma za Customs ndakana. Tamvera chifukwa chake. Akamukweza ndege, akwera ndi pakamwa pake. Mzungu wako adzati anamugwira chifukwa cha mapepala, za dizilo zidzatsala pa iwe mpaka kumanda. Ndipo kuno adzafika ngati munthu wozunzidwa, n'kumauza Ntcheu yense kuti mlamu wake wansanje anamupereka. Ukhala kuti wamupatsa nkhani yokoma. Ine sindifuna apeze nkhani.

Kodi pa mowa wa masese amayamba kumwa ndani? Wofulula. Amatunga chipanda choyamba n'kumwa anthu akuona, kuchotsa ufiti. Akakana kumwa, palibe amene amafunsanso funso. Venda uja anandiphera pampu ndinamuchita zomwezo. Chigubu chake ndinachisunga, tsiku la msika n'kuchipereka kwa mkulu wake amene ali ndi thirakitala, iye ali pomwepo, ndikuti mphatso. Anachilanda yekha m'manja mwa mkulu wake. Msika wonse unaona, ine osatsegula pakamwa.

Wati wasunga zigubu sikisi. Iye akuti dizilo ndi wabwino, amathira yemweyo tsiku ndi tsiku. Ndiye mubwezere mwaulemu, ngati mphatso, pagulu, mzungu wako ali pomwepo. Usakalipe. Uvale jekete. Umupepese n'kumupepesa, uti alamu ndinakunenerani zoipa. Kenaka upemphe kumuthirira wekha m'thanki.

Alamu anga a Clotilda, powerenga ndime imeneyi musathamange, amve bwino.

Chimanga takolola, ngolo zinayi. Chithunzi cha nyumba yoyenda tikudikirabe.

Mkulu wako,
Ambrosio


Coolock
12 July 2010

Achimwene,

Moni, moni kwa onse. Khalani pa thumba, nkhaniyi ndi yaitali. Amayi a Sandra atenga cholembera chatsopano.

Loweruka tinali ndi chikondwerero cha 6 July, Amalawi onse a mu Dublin, mu holo ya parishi ku Santry, Misa itatha. A ku Zambia anabweranso, sasowa pamene pali nyama yootcha. Bwana James ndinamuitana kawiri, anakana. Kachitatu amayi a Sandra anapita okha pa sitima mpaka ku Skerries. Zimene anakamuuza sindikudziwa, akukana kundiuza mpaka pano, koma bwana James anabwera. Norbert ndiye anamunyamula pa galimoto yake, zigubu zanga ziwiri zili kumbuyo.

Ndinavala jekete ija ya ubatizo wa Sandra. Anthu atadya ndinapempha maikolofoni. Ndinati, abale, mukudziwa kuti ine ndi alamu anga a Overstone sitinalankhulane miyezi inayi. Ndinawanenera kuti dizilo wawo anapha injini. Iwo akuti ndi wabwino, amathira yemweyo daily. Ine kusukulu sindinapite, ndine ndani kuti nditsutse? Ndiye ndabwera kudzapepesa, ndipo dizilo wawo wotsala ndawabweretsera, malita 40, asaonongeke. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analuluta. Bambo mfumu anati ichi ndiye Chikhristu. Apo ndinayang'ana pansi.

Overstone anaseka ndi mano okha. Akuti zikomo alamu, ikani kumbuyo kwa van, ndikathira kunyumba. Ndinati ayi alamu, suti yanu ingade, ndithira ndine, paja a Racheal amadandaula pakhomo kuti kagetsi ka thanki kayaka kuchokera ku Coolock. Gulu lonse linatuluka nafe ku car park, mavuvuzela akulira. A Hosea a ku Zambia akuti, tilani mudala, tione chikondi.

Overstone anayang'ana ine, anayang'ana bwana James ali pa ndodo zake. Ndinamuona akusinkha m'mutu. Akakana ndiye kuti wavomera. Ndiye anasankha kunyada. Anatsegula yekha thanki, akuti thirani, dizilo ndi dizilo. Ndinadula botolo la madzi n'kulilowetsa pakamwa pa thanki, ndinathira zigubu zonse ziwiri pang'onopang'ono, osataya dontho. Ndikuuzeni zoona, dzanja linkakana. Van ija sinandilakwire. Ndinaipepesa chamumtima.

Analiza injini, inalira bwinobwino, poti poizoni uja sapha tsiku limodzi. Anatsitsa galasi, akuti mwaonatu. Anthu anaseka, ena akundiyang'ana ngati chitsiru chovala jekete. Overstone akuti ndikukatenga ma drinks ena, n'kutuluka pa geti, mkazi ndi ana kuwasiya. Bwana James anandiyang'ana kamodzi, n'kuuza Norbert kuti amuperekeze kwawo ku Skerries. Achimwene, apo ndinati nzeru zanu zandiphetsa. Ndinakutukwanani pang'ono mumtima. Lembani, adziwe.

Ndiye amayi a Sandra anatsegula chitseko cha galimoto ya Norbert n'kukhala kutsogolo. Ine sanandiyang'ane. Anangoti, shopu ili kumanja, iye wakhotera kumanzere. Tiyeni kuseri kwa fakitale ya matailosi yotsekedwa ija, n'komwe amaimika akafuna kuti Racheal asamupeze.

Tinapita anayi. Mphindi zitatu zokha. Malo aja recession inawapha, udzu wamera pa car park, paliponse zikwangwani za To Let. Norbert anazimitsa injini patali, galimoto n'kungoyenda yokha mwakachetechete mpaka pakona.

Tinamupeza atagwada pambali pa van, ndi suti yake yoyera ija, paipi yothirira maluwa ili m'thanki, mbali ina ili m'kamwa. Akuyamwa. Dizilo anabwera mwamphamvu nthawi yomwe anationa, ndiye m'malo molavula anameza. Anatsokomola mpaka misozi, dizilo akutsika pa tayi, wina akugwera m'ndowa, wina pa nsapato.

Woyamba kulankhula anali bwana James. Anatsika ndi ndodo zake, anafika pafupi, akuti, Overstone, dizilo wabwino ukumuchotseranji? Overstone akuti alamu, alamu, akuyang'ana ine. Kenaka akuti achemwali, akuyang'ana mlongo wake. Amayi a Sandra anamuponyera botolo la madzi, akuti tsuka m'kamwa, wachititsa mayi manyazi. Norbert wosalankhula uja anali atajambula kale pa foni.

Wofulula wamwa, achimwene.

Amayi a Sandra anamutengera kuchipatala, poti ntchito yawo ndi yosamalira odwala ndipo akuti dizilo akalowa m'mapapo amapha. Sanafe. Akuti akungogeya fungo la pa depoti ya mabasi. Chithunzi chinafika ku holo ife tisanafike. Pano a Hosea akumutcha Two-stroke, dzina la oyilo wa njinga yamoto uja, ndipo dzinalo lakakamira.

Dzulo bwana James anandiitana ku Skerries. Tinakhala pa benchi pa doko, iye akuyang'ana maboti. Anatenga dzanja langa ili lamanja, anagwira zala ziwirizi, n'kuti sorry. Ananena kwa zala, osati kwa ine. Ndinalola. Kenaka anaika makiyi m'dzanjamo.

Musasangalale, ntchito palibe. Kukonza injini kwamuthyola msana, motorhome waigulitsa kwa munthu wa ku Germany. Norbert amaliza kumanga sabata ino. Koma akuti woiyendetsa ulendo womaliza mpaka pa sitima ya pamadzi ku Rosslare ndine, wina ayi, ndipo dizilo wake ndikasankha ndine, pa pampu, ndi zala. Walembanso kalata yondichitira umboni kwa olemba ntchito. Sandra wandiwerengera, akuti muli mawu akuti honest kawiri. Kapu ija waichotsa, ili pawindo kunyumba kwake. Chithunzi munapempha ndijambulitsa tsiku limenelo, ndili pa chiwongolero, muwaonetse a pa chigayo.

A Customs sindinawaimbire. Kapepala ka nambala ndinawapatsa amayi a Sandra, kaya anakaika kuti. Mundiuze ngati nkhaniyi yafika ku Ntcheu, ndipo ngati sinafike muifikitse, musachotsepo tayi.

Amayi a Sandra akufunsa ngati mtima wanga watsika. Dikirani ndiganize. Watsika pang'ono. Akuti ndiye pa Khirisimasi tiwaitane a Overstone ndi banja lawo, ndi abale, ana sanalakwe. Ndavomera. Abwere, adye nkhuku yanga. Koma m'kashedi mwatsala zigubu zinayi, ndipo ndanena kuti munthu asazikhudze. Tsikulo ndidzapukuta chimodzi n'kuchiika pambali pa mpando wake. Sindidzanena kanthu. Chaka chilichonse chimodzi.

Asiya kulemba, akuseka. Lembani, zikwana zaka zinayi.

Ine mng'ono wanu,
Tarsizio